Nyimbo Imene Amayi Sanandiimbire Ine

Jekete ndinaligula mwezi wa Meyi, lakuda, la mabatani atatu, n'kulipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda lili m'pepala lake la kusitolo. Mwamuna wanga Sonny akamadutsa pamenepo ankavula chipewa n'kulipatsa moni: "Mwadzuka bwanji a khansala?" Ndinkamuthamangitsa ndi thaulo, koma kunena zoona zinkandikoma mpaka m'mafupa.

Khonsolo ya boma lathu inali itavomera, patatha zaka zambiri za mapokoso, kuti pakhale mpando umodzi wa Amaori, ife eni nthaka a dziko lino, wovoteredwa ndi anthu a m'kaundula wa Amaori okhaokha. Mbali yathu ino ya mtsinje, mavoti ambiri a m'kaundula ameneyu ndi a anthu a pa marae pathu, pabwalo la makolo pamene timalirira maliro, kukwatitsa ana ndi kukanganirana chilichonse. Ndiye panalibe chobisika: munthu amene marae imuloze chala ndi amene akakhale pampandopo. Ndipo aliyense, kuyambira ine mwini, ankadziwa kuti chalacho chiloza ine, Parehuia.

Sindikudzitama ayi. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikupita kumisonkhano ya khonsolo kukadandaula za mtsinje umene ukudya manda athu pang'onopang'ono. Ndinkakhala pa mabenchi a kumbuyo, a anthu wamba, n'kupatsidwa mphindi zisanu, kwinaku mzungu wina wa ndevu zaimvi akuyang'ana wotchi ngati akuphika dzira. Khitchini ya pa marae ndaiyendetsa zaka makumi atatu, ndipo palibe maliro amene alendo anachokapo ndi njala. Amayi atadwala ndinawasunga ine m'nyumba mwanga zaka zitatu, mutu wawo utasokonekera. Ndinkawasambitsa m'mawa uliwonse, iwo atandigwira masaya ndi manja onyowa, akuimba chinyimbo chachitali chotchula mayina a makolo, n'kumanditchula Hinekura. Ndinkati ndi nyimbo ya makedzana ndipo Hinekurayo ndi m'bale wawo wina amene anafa kalekale. Sindinavutike n'kufunsa, pakuti masiku amenewo ankaitananso mphaka dzina la abusa. Nyimboyo inangondilowa yokha m'mutu, monga zimachitira zotsatsa malonda za pa wailesi.

Vuto langa linali Glenda.

Glenda Kinnaird ndi mkulu wanga, mimba imodzi, atate osiyana. Amayi anamubereka ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, nthawi imene ankatola ubweya m'shedi yometera nkhosa pa famu ya a Kinnaird, ndipo bambo wake anali mwana wa eni famuwo. Anabadwa woyera mbee, tsitsi lofiira, nkhope ya timadonthomadontho. Atakwanitsa zaka zinayi agogo ake a kuchimuna anabwera pagalimoto n'kumutenga, ati akaleredwe bwino ku Dunedin. Amayi sanakane, kapena anakana koma panalibe wowamvera. Ine ndinabadwa patapita zaka zitatu, kwa bambo wa konkuno, ndipo ndinatuluka ndi nkhope yoti m'sitolo mlonda amayamba kunditsatira ndisanagwire kalikonse. Pakhomo pathu za mwana woyambayo sizinkakambidwa. Panali kachithunzi kamodzi m'kabati, pansi pa masipuni, basi.

Ndinamuona koyamba pamaliro a amayi, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Analowa pageti pamodzi ndi alendo, n'kufuna kulowa m'nyumba ya makolo nsapato zili kuphazi, mpaka a Wikitoria, amayi athu aakulu, anachita kumukoka siketi. Ndinamumvera chisoni tsiku limenelo, ndipo ndinamuikira nyama yabwino m'mbale. Munthu woti abwerera kwawo mawa savuta kumukonda.

Koma patapita zaka ziwiri anapuma pantchito yake ya ku Wellington, kumene ankalangiza akuluakulu pa malamulo a za madzi ndi mitsinje, n'kudzagula nyumba pafupi ndi mlatho wathu. Anabwera ndi Chimaori cha kusukulu ya madzulo, chowongoka ngati cha wowerenga nkhani. Changa n'cha kukhitchini. Ndimamva chilichonse, ndimatha kuimba, kuitana anthu kukadya ndi kutukwana bwinobwino, koma kuti ndiime n'kuyankhula mphindi khumi, lilime limathawira ku Chingelezi. Amayi ankakwapulidwa kusukulu chifukwa cha Chimaori, ndiye sanafune kundiphunzitsa chinthu chodzetsa zikwapu. Tsono taganizani: mwana woleredwa ndi azungu akuyankhula chinenero cha amayi anga kuposa ine, amalume a Paratene, apampando a komiti ya marae, akupukuta misozi ndi mpango, ine nditaima pakhomo la khitchini mpeni wosendera mbatata uli m'manja.

Tsiku lina tili pamzere m'sitolo yaikulu ya m'tauni, mayi wina wa kumafamu anatembenukira kwa Glenda, ine ndili pomwepo ngati kulibe, n'kuyamba kudandaula za mpando watsopanowo. Ati tonse ndife anthu a dziko limodzi, makolo ake anafika kuno zaka zana ndi theka zapitazo n'kugwetsa nkhalango ndi manja awo, nanga anthu awa akufuniranji mpando wapadera. Glenda anamusiya amalize, kenako anayankha mwaulemu kuti, "Anthu awa ndi ine, mayi. Uyu ndi mng'ono wanga." Mayiyo anapepesa, ati sakanadziwa poti Glenda sakuoneka choncho, ndipo anatero ngati akumuyamikira. Nkhaniyo inafika pa marae ife tisanafike, anthu n'kumamutama kuti ndi wolimba mtima. Ine mawu otere ndakhala ndikuwayankha kuyambira ndili sitandade wani, ndipo palibe anandiomberapo m'manja. Iye amasankha nthawi yoti aulule, pomwe ine nkhope imaulula ndisanatsegule pakamwa. Ndinkadziuza kuti Umaori wake anautulutsa m'sutikesi ataona kuti tsopano uli ndi mpando. Ndinkadziwa kuti ndikumunamizira, koma ndinkadziuzabe.

Chimene chinandimaliza ndi kalata. Glenda analemba kalata imodzi yokha, ya masamba awiri, yotchula ndime za malamulo, ndipo pasanathe milungu itatu kunabwera akatswiri atatu a khonsolo kudzaona gombe la kumanda, atavala majombo atsopano. Ankamutchula Mayi Kinnaird, akugwedezera mutu chilichonse chimene wanena. Mmodzi wa iwo ndinali nditakumana naye kakhumi konse kumisonkhano, koma anandiyang'ana n'kundifunsa ngati pali tiyi wopanda mkaka. Ndinamupangira. Sonny anati ndikondwere poti manda ake ndi omwewo, ndipo ndinamuuza kuti akakondwerere kugalaja.

Chakumapeto kwa Juni ndinali kusenda mbatata ndi a Wikitoria, amene ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zisanu ndi zitatu ndipo sanaphunzirepo kuzungulira nkhani.

"Iwe Pare, wamva kuti Paratene akufuna dzina la mkulu wako likhalepo pamsonkhano wosankha uja?"

"Likhalepo pa chiyani, amayi?"

"Usandipusitse, mwanawe. Pampando paja wagulira jekete."

Ndiye kuti Sonny anali atalengeza za jekete mudzi wonse. Ndinafunsa kuti mpando wa Amaori unasanduka liti wa Amaori obadwanso mwatsopano. A Wikitoria anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati azungu a kukhonsolo amamvera munthu wofanana nawo, ndiye ngati tili naye wathu wofanana nawo, bwanji osamutuma. Ndinati nanga mpandowo tinaumenyeranji, poti azungu anali nayo kale mipando isanu ndi inayi. Iwo anati Glenda si mzungu, ndi mwana wa mng'ono wawo. Ndinati theka.

"Theka lake liti, la kumiyendo kapena la kumutu?" anatero osasiya kusenda. "Ine ndinalipo akubadwa. Anatuluka wathunthu."

Koma chida ndinali nacho. Chaka chatha, tsiku lina la mvula, Glenda anandiuza yekha tikumwa tiyi kwake kuti moyo wake wonse anavotera m'kaundula wa anthu onse, ndipo pa mapepala a kalembera ankachonga bokosi la anthu ochokera ku Ulaya. Agogo ake anamuphunzitsa kuti akafunsidwa za mayi ake azinena kuti anamwalira. M'kaundula wa Amaori analowa zaka ziwiri zokha zapitazo. Anandiuza ngati mng'ono wake, maso ali pansi, akulira pang'ono, ndipo ine ndinamusisita pamsana. Koma nkhaniyo ndinaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la epuloni.

Loweruka masana, mawa lake kuli msonkhano, Glenda anandipeza kukhitchini ndikukanda ufa wa buledi wokazinga. Anavala epuloni osauzidwa, yomweyo imene ndimaikonda ine. Anati sanafune kupikisana nane, amalume ndi amene anamukakamiza, ndipo aliyense amene asankhidwe, mnzake amuthandize. Zonse zinali zoona, zonse zabwino, n'chifukwa chake zinkandinyansa. Kenako anafika pa chimene anadzera.

"Mng'ono wanga, ndikamaliza kuyankhula mawa, udzandiimirira pa nyimbo? Ana anga ali ku Australia, ndilibe wina."

"Tiona, achemwali. Mukudziwa kuti ine ndimakhala uku ndi uku ndi mapoto."

Kwathu munthu akayankhula pamsonkhano sangokhala pansi. Abale ake amaimirira pambuyo pake n'kuimba, ndipo nyimboyo timati ndi ndiwo ya mawu ake. Munthu akaima yekha, wopanda womuimirira, nyumba yonse imaona kuti mawu akewo alibe wina wowavomera. Ndiponso nyimbo ikayambika m'nyumba ya makolo siyenera kudukira panjira. Akuluakulu amati nyimbo yoduka imaitana maliro, ndipo ngakhale ife amene timaseka zoterezi timayamba kuganizira mumtima kuti kodi akudwala ndani.

Dzuwa lisanalowe ndinayenda m'makomo mwa asuweni anga. Sindinauze munthu kuti asaimirire, Mulungu ndi mboni. Ndinangowakumbutsa amene anaphika paukwati wa mwana wawo, amene anagona pambali pa bokosi la bambo awo masiku atatu, ndi amene amasunga makiyi a khitchini.

M'mawa mwake Sonny, akumanga zingwe za nsapato, anayankhula osandiyang'ana.

"Mayi, chija anakuuzani m'bale wanu akulira, chisiyeni kunyumba kuno."

"Chiti?"

"Mukuchidziwa. Ine ndasenda nkhosa kufakitale zaka makumi atatu ndi zisanu, munthu wobisa mpeni ndimamuona mayendedwe."

Ndinamuuza kuti akalize galimoto.

Kunali mvula ya Julaye, yozizira, yosakata. Anthu pafupifupi makumi asanu ndi anayi anadzaza m'nyumba ya makolo, nsapato zitaunjikana pakhonde, ena atakhala pa matiresi m'mbali mwa khoma atafunda mabulangete. Zithunzi za akufa athu zinali pakhoma la kumapeto monga mwa masiku onse, cha amayi chili pamzere wachiwiri, atavala chipewa cha kutchalitchi. Jekete ndinalisiya kunyumba kuti ndisaoneke wadyera, koma ndinavala ndolo za amayi za mwala wobiriwira kuti anthu akumbukire amene anatsala nazo.

Atatha mapemphero amalume a Paratene anati mkulu ayambe. Glenda anati ayi, ayambe amene anasunga moto pamudzi pano iye kulibe. Anthu anavomerezana mokondwa. Ngakhale ulemu wake unkandilanda mavoti.

Ndinayankhula bwino, ndisaname. Ndinayamba m'Chimaori mpaka pamene chinandithera, kenako Chingelezi. Ndinanena za manda, za msewu wathu wopanda phula, za mphindi zisanu ndi wotchi ya mzungu wa ndevu. Anthu ankaseka pofunika kuseka, akudandaula pofunika kudandaula. Ndikanakhala pansi pamenepo, bwenzi lero ndikusimba nkhani ina. Koma ndinakumbukira kanthu kanga ka m'thumba la epuloni.

"Funso langa ndi limodzi," ndinatero. "Mpando uwu ndi wa anthu a m'kaundula wa Amaori. Ine ndinalowamo tsiku limene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Achemwali angawa atiuze kuti iwo analowamo liti, ndipo pa mapepala a boma akhala akuchonga bokosi liti zaka zonsezi. Atiuzenso kuti ndi mwana wa yani, pakuti ife tikungomva Kinnaird, Kinnaird."

Kumbuyo wina ananong'ona kuti Mmaori wapulasitiki, kunong'ona kwake koti aliyense amve, ndipo ena anaseka. Amalume anandiyang'ana ndi diso limene sindinalionepo, koma sanandidule. Asuweni anga anaimirira, oposa makumi atatu, n'kuimba nane nyimbo ya mtsinje wathu mpaka mawindo kunjenjemera. Ndinakhala pansi mtima uli m'malo. Sonny yekha ankayang'ana kumbali.

Glenda anaimirira nkhope itafiira mpaka m'makutu, pakuti khungu lawo limeneli silibisa kanthu. Sanakane chilichonse. Anati n'zoona, m'kaundula analowa dzanadzanali, bokosi ankachonga la ku Ulaya, ndipo kusukulu ankauza anzake kuti mayi ake anamwalira, iwo ali moyo kuno akutola ubweya. Anati sangapemphe kuti tiiwale zimenezo, ndipo ngati tisankha mng'ono wake, iye azimulembera makalata onse mosanyinyirika. Anakambako za malamulo a mtsinje mwachidule n'kusiya. Kenako anayang'ana kwa ine.

Ine ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. Asuweni ena anayang'ana kudenga, ena anakonza mabulangete. A Wikitoria anayesa kudzuka koma mawondo anawakaniza, ndipo woti awagwire mkono anali wa mbali yanga. Amalume, poti ndi apampando, sakanatha kuimira mbali. Glenda anatsala yekhayekha pakati pa nyumba, atavala masokosi a mizeremizere. Ndinamva kukoma, sindibisa.

"Ndili ndi nyimbo imodzi yokha imene sindinaiphunzire m'kalasi," anatero, "ndipo sindiidziwa yonse. Mundikhululukire."

Anayamba motsitsa, mokoka, mawu ena akuwameza monga amachitira mwana woimba zimene sakuzimvetsa. Gona kamwana, phiri lakuona, mtsinje wamva kulira kwako. Mzere woyamba usanathe ndinaizindikira. Inali nyimbo ya m'bafa ija, ya manja onyowa pamasaya anga.

Anaimba mizere inayi n'kufika pamene pamayambira mayina a makolo. Anatchula loyamba, lachiwiri, basi mawu anamuthera. Anabwerera pachiyambi, anthu atagwira mpweya, n'kudzadukiranso pomwepo. Kunja mvula inkangogwa pamalata. A Wikitoria milomo inkagwedera, akusakasaka mawu amene anawathawa kalekale, maso ali pa amalume a Paratene amene chaka chimenecho anali atagonekedwa kuchipatala kawiri. Mayi wina anakokera khanda lake pachifuwa.

Anthu amanena mpaka lero kuti ndinaimirira chifukwa cha chifundo, ena amati ndinaopa tsoka. Onsewo akulakwitsa. Ndinaimirira chifukwa cha ukali. Nyimbo imeneyi ine ndinaimva zaka zitatu zathunthu, ndikuwapukuta amayi zinthu zimene mwana wa a Kinnaird sanazionepo, ndiye iyeyo abwere nayo kuno yodukaduka, akuikoka molakwika, anthu n'kumamumvera chisoni? Ndinafuna kuti nyumba yonse ione amene ali ndi nyimbo ya amayi m'kamwa, ndi amene ali ndi nyenyeswa chabe.

Ndinaitola pa dzina lachitatu. Ndinaimba mokweza, mwa kayendedwe kake kenikeni, kofulumira, ndikupumira pamene amayi ankapumira. Mayina khumi ndi awiri, kuyambira kwa kholo limene linatsika m'bwato lobweretsa mtundu wathu kuno mpaka kwa agogo, osaphonya ngakhale limodzi. Ndinaona anthu akudzuka mmodzimmodzi, mabulangete akugwa, ndipo mumtima ndinati eya, aone. Ndinatchula dzina la amayi. Kenako mzere womaliza unatuluka wokha, monga unkatulukira m'bafa muja: ndipo iwe Hinekura, wotsegula mimba yanga, wa tsitsi lamoto, mtsinje uwu ndi wako, usadzausiye wokha.

Mawu amenewo ndinali nditawamva kambirimbiri osawamvetsera. Ndinawamvetsera tsiku limenelo, atatuluka kale m'kamwa mwanga, ndikuyang'ana tsitsi la Glenda limene likadali lofiira pansi pa imvi.

A Wikitoria anali ataima tsopano, anthu awiri atawagwira.

"Nyimbo iyi anaipeka mng'ono wanga m'kanyumba ka ometa nkhosa, khanda lili pamiyendo," anatero. "Hinekura ndi uyu. Dzina loti Glenda anachita kumumata ndi a Kinnaird. Tsiku limene galimoto inanyamuka, mayi wake anatiletsa tonse kulitchula dzinalo, ndipo ine ndimayesa kuti nyimbo anapita nayo kumanda."

Amalume a Paratene anapukuta m'maso, n'kuyankhula mwapang'onopang'ono monga amachitira akafuna kuti mawu alowe.

"Pare anafunsa kuti munthuyu ndi mwana wa yani. Ndikuona kuti wayankha yekha, ndipo wayankha bwino kuposa mmene tikanayankhira tonsefe."

Sipanafunikenso zambiri. Atati tikweze manja, ovotera Glenda anachuluka moti panalibe chokayikitsa. Asuweni anga omwe aja anakweza nawo, akundimwetulira, poganiza kuti n'zimene ndikufuna. Potuluka anthu ankandikumbatira, kundigunditsa mphuno monga timapatsirana moni kwathu, ati Pare uli ndi mtima waukulu, wamuyesa m'bale wako pamaso pa anthu kenako wamunyamula wekha. Mayi wina anati sanaonepo zokongola chotero chibadwire. Ndikanatha ndikanamuluma. Sonny anandinong'oneza kuti jekete lija lizithandizabe pamaliro, ndipo sindinamuyankhule mpaka Lachitatu.

Ndinathawira kukhitchini, kwanga. Anthu atadya nkhumba ya masamba a puha ndi buledi wokazinga n'kubalalika, ndinatsala ndi makapu m'sinki. Glenda analowa atanyamula pepala la khonsolo. Kuti munthu aime pampando umenewu pamafunika anthu awiri a m'kaundula wa Amaori oti amusainire. Amalume anali atasaina kale, mzere wachiwiri unali wopanda kanthu. Anati alipo ambiri amene angasaine koma iye akufuna ine. Za funso langa lija sanatchule n'komwe, ndipo ndinalakalaka akanandilalatira kuti ndipeze pogwira. Ndinapukuta manja n'kulemba dzina langa. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa Glenda Hinekura Kinnaird, dzina lapakatilo atalipanikiza pakati pa enawo ndi cholembera china.

Sanachoke. Anatenga thaulo n'kuyamba kupukuta makapu, akuwaika pa shelefu yolakwika.

"Pare, nyimbo ija unaidziwira kuti yonse?"

"Ankandiimbira ndili mwana," ndinatero, maso ali m'sinki.

Anamwetulira misozi ili m'maso, n'kunena kuti ndiye kuti ndi yathu tonse awiri, ndipo zamusangalatsa kuti inapeza mwana wina woigonera. Ndinati inde. Amayi sanandiimbirepo nyimbo ndili mwana, ngakhale ya kutchalitchi. Ine anandilera ndi chakudya, zovala zochapa ndi mbama, ndipo ndinkayesa kuti chikondi chawo n'chomwecho basi.

"Nanga chakumapeto kuja," anafunsanso, mawu atatsika, "ankanditchulako?"

Ndinatsuka kapu imodzi kawiri.

"Mutu unali utapita, achemwali. Ankaitana mphaka dzina la abusa."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene ankayembekezera yankho lomwelo, n'kupitiriza kupukuta.

Mu Okutobala Glenda anapambana chisankho cha khonsolo mosavuta. Kugombe la kumanda ayamba kuthirako miyala, ndipo Sonny amapita kukaonerera mathirakitala ngati ndi ake. Ine ndimapitabe kumisonkhano ya khonsolo, pa mabenchi a kumbuyo, ndipo Glenda amandikwezera dzanja ali patebulo la kutsogolo. Nyimbo ndinamulembera yonse papepala, anailoweza mlungu umodzi, tsopano amaiimba bwino. Koma zoti amayi anamuitana m'mawa uliwonse kwa zaka zitatu, atagwira masaya anga, sindinamuuze ndipo sindidzamuuza. N'chokhacho chimene ndatsala nacho, ngakhale kuti nachonso n'chake.